Pulofesa amene anayamba geni ya mabuku m'shedi ya nkhuni

Mphunzitsi wa pa yunivesite akamayandikira zaka 60, ambirife timayembekezera kuti ayambe kuwerengera za penshoni basi. Koma a Louis D. Rubin Jr. a ku America atafika msinkhu umenewu anasandutsa kashedi kosungiramo nkhuni kuseri kwa nyumba yawo ku Chapel Hill kukhala ofesi, nkuyamba kampani yosindikiza mabuku. Mabuku oyamba anatuluka m'chaka cha 1983. Kodi chinawalowa nchiyani akuluwa kuti adziike m'mavuto a bizinesi ali ndi ntchito yabwinobwino?

Kuti timvetse, tiyambe kaye ndi dera limene anachokera. A Rubin anabadwa pa 19 Novembala 1923 mumzinda wa Charleston, m'chigawo cha South Carolina, kummwera kwa America. Limeneli ndi dera lija linali chimake cha ukapolo ndi minda ya thonje, lomwenso linagonja pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865. Nkhondo itatha kunatsala umphawi ndi tsankho, ndipo anthu a kumpoto ankaliona ngati dera la mbuli. Mtolankhani wina wa pakamwa pakuthwa, a H. L. Mencken, anafika polifanizira ndi chipululu cha Sahara pa nkhani ya zolembalemba ndi zaluso.

Chodabwitsa nchakuti m'chipululu momwemo ndi mmene munatuluka a William Faulkner, amene anapata mphotho ya Nobel ya 1949, komanso a Thomas Wolfe, mayi Eudora Welty ndi a Robert Penn Warren. Alembi analipo ndithu, koma anthu oti akhale pansi nkufufuza chimene chikugwirizanitsa zolemba zawozo anali owerengeka. Mpata umenewu ndi umene a Rubin anauona.

Iwo sanayambire pa uphunzitsi ayi. Atatumikirako ku usilikali pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anatenga digiri yoyamba pa University of Richmond mu 1946, nagwirako ntchito ya utolankhani. Kenaka anapita ku Johns Hopkins University komwe anapeza digiri ya udokotala mu 1954. Chaka chimodzi izi zisanachitike, iwo ndi mnzawo a Robert D. Jacobs anali atasonkhanitsa kale zolemba za akatswiri osiyanasiyana m'buku lotchedwa Southern Renascence. Ambiri amati bukuli ndilo linatsegula khomo kuti zolemba za kummwera zikhale phunziro palokha m'mayunivesite.

Utolankhani unali usanawachoke m'magazi. Mu 1956 anakalowa ntchito ya ukonzi pa nyuzipepala ya Richmond News Leader. Tsoka ilo, inali nthawi yoipa. Khoti lalikulu la dzikolo linali litagamula mu 1954 kuti kupatula ana akuda ndi ana achizungu m'sukulu za boma nkosemphana ndi malamulo, ndipo mkonzi wamkulu wa nyuziyo, a James J. Kilpatrick, ndiwo anali patsogolo kumema azungu kuti akane chigamulocho. A Rubin maganizo awo pa ndale sankagwirizana ndi a bwana awowo. Sanakhalitse. Mu 1957 anachoka nkukayamba kuphunzitsa pa Hollins College, sukulu ya atsikana kufupi ndi mzinda wa Roanoke ku Virginia.

Kumeneko anakhalako zaka 10, ndipo zipatso zake zinaoneka. Anayambitsa maphunziro a luso lolemba nthano ndi ndakatulo, ndipo alembi odziwika ngati a William Golding a ku Britain ankabwera kudzakhala ndi ophunzira. Mwa atsikana amene anadutsa m'manja mwawo muli Annie Dillard, yemwe anapata mphotho ya Pulitzer mu 1975, ndi Lee Smith, mlembi wa nthano za anthu a m'mapiri a Appalachia. Mu 1967 a Rubin anasamukira ku University of North Carolina ku Chapel Hill. Chaka chotsatira, pamodzi ndi a C. Hugh Holman, anayambitsa magazini ya akatswiri yotchedwa Southern Literary Journal.

Koma tisawapake mafuta okhaokha akuluwa. Buku lija la 1953 linali ndi chilema chachikulu: alembi akuda munalibe malo awo. Tangoganizani, a Richard Wright anabadwira ku Mississippi, mayi Zora Neale Hurston anakulira ku Florida, onsewa mabuku awo anali atatuluka kalekale, koma pokamba za alembi a kummwera zinali ngati kulibe. Akatswiri a m'badwo wotsatira, monga a Michael Kreyling m'buku lawo la 1998, anafunsa funso lovuta: kodi ndani anapatsa kagulu ka azungu mphamvu yosankha mlembi weniweni wa kummwera?

Paja wakutsina khutu ndi mnansi. A Rubin, amene anakulira m'banja la Chiyuda pakati pa Akhristu, ankadziwako kukhala mkati koma ngati mlendo, ndipo pang'onopang'ono ntchito yawo inasintha. Mu 1969 analemba mbiri ya a George W. Cable, mlembi wa ku New Orleans yemwe anamenyera nkhondo mbali ya eni akapolo koma pambuyo pake nayamba kulankhulira ufulu wa anthu akuda, mpaka azungu anzake anamuda ndipo anasamukira kumpoto. Mu 1974 anatulutsa buku lofotokoza za ndakatulo za anthu akuda limodzi ndi a Blyden Jackson, pulofesa wakuda amene ankaphunzitsa nawo ku Chapel Hill. Pamene buku lalikulu la The History of Southern Literature limatuluka mu 1985, a Rubin ali mkonzi wamkulu, a Jackson anali mmodzi mwa akonzi ake ndipo alembi akuda analimo.

Nanga za shedi ija? Chinkawapweteka mtima mphunzitsiyu nchakuti makampani akuluakulu a mabuku anali ku New York, ndipo kuti zolemba zako ziwerengedwe kumeneko umayenera kukhala ndi ajenti kapena wokudziwa. Mwana wa kumudzi wopanda dzina ankangogogoda pachabe. Inu a geni mukuzidziwa bwino zimenezi: katundu angakome bwanji, ngati ulibe benchi pamsika amakuwolera m'manja. Ndiye a Rubin anaitana mayi Shannon Ravenel, omwe anawaphunzitsa ku Hollins ndipo anali atakhwima pa ntchito ya ukonzi, nayambitsa Algonquin Books of Chapel Hill.

Kampaniyi inkachita zinthu zimene akuluakulu a ku New York sakanayerekeza. Mu 1984 inatulutsa mabuku awiri nthawi imodzi a mtsikana wosadziwika, Jill McCorkle. Mu 1985 inasindikiza Raney, buku loyamba la Clyde Edgerton. Mu 1987 kunabwera Ellen Foster la Kaye Gibbons, lomwe patatha zaka 10 mayi Oprah Winfrey analisankha pa pulogalamu yawo ya pa kanema, nkugulidwa ngati zitumbuwa. Mu 1988 anatulutsa nthano za Larry Brown, wozimitsa moto wa ku Oxford, Mississippi, amene anadziphunzitsa yekha kulemba.

Mbiri inamveka, koma mbiri sadyera nsima. Kampani yaing'ono ya mabuku imalipira wosindikiza lero, pamene ndalama za m'masitolo zimabwera patapita miyezi, ndipo ku America sitolo ili ndi ufulu wobweza mabuku amene sanagulidwe. Mpamba unkachepa. Mu 1989, chaka chomwe a Rubin anapuma pa uphunzitsi, Algonquin inagulitsidwa ku kampani ya Workman Publishing. Kwawo kwa Workman? Ku New York komweko! Ngakhale zinatero, dzina la Algonquin silinafe ndipo akonzi anapitiriza kugwirira ntchito ku Chapel Hill. Mu 2021 nayo Workman inagulidwa ndi kampani ina yaikulu koposa, ya Hachette.

Ena anganene kuti pamenepa nsomba yaikulu inameza yaing'ono monga mwa masiku onse. Nzoona. Komabe pofika nthawi yogulitsayo, alembi aja anali atadziwika kale, ndipo palibe akanawabwezanso kumudzi.

A Rubin sanagone atapuma. Anali mmodzi mwa oyambitsa bungwe la Fellowship of Southern Writers mu 1987, ndipo anapitiriza kulemba za sitima zapamtunda, maboti, masewero a baseball ndi mbiri ya abale a bambo awo. Mabuku amene analemba kapena kukonza amapitirira 40. Anamwalira pa 16 Novembala 2013 ku Pittsboro, North Carolina, kutangotsala masiku atatu kuti akwanitse zaka 90.

Kwa inu ophunzira amene mukulota zovala mkanjo wa digiri, funso limene moyo wa bamboyu ukutisiyira ndi ili: mukadzakhala akatswiri, mudzangolemba za alembi amene anafa kale, kapena mudzatsegulirako khomo mnyamata wozimitsa moto amene ali ndi nthano zake m'chikwama?