Munthu wovulala ali ngati boti lobowoka

M'mawa uliwonse msewu wochoka kudoko la Kachulu kupita ku Zomba umadzaza ndi a kabaza, njinga zamoto zitasenza matumba a matemba, zina zitakweza anthu awiri kumbuyo, fumbi lili koboo. Njinga ikaterereka pamchenga kapena kuwombana ndi lole, chipatala chachikulu cha Zomba chimakhala chili kutali, makilomita pafupifupi 30. Wofika pangozipo koyamba amakhala msodzi, mayi wogulitsa mpunga, kapena inuyo.

Mwayi wake ngwakuti anthu a kunyanja ya Chilwa nzeru yofunikayo ali nayo kale. Boti likabowoka pakati pa Kachulu ndi chilumba cha Chisi, msodzi amauza anthu akhale bata, amatseka pobowokapo ndi nsanza, n'kulunjika kumtunda. Wovulala naye amafuna zomwezo.

Yambani mwayala nthambi pamsewu mbali zonse kuti galimoto ina isadzawombe othandiza, ndipo zimitsani injini. Mmodzi aimbe foni kufuna galimoto. Kenako thamangirani kwa amene ali chete, chifukwa wolira mokweza akupuma. Ikani khutu pafupi ndi mphuno yake, muone ngati chifuwa chikukwera. Munthu wokomoka akagona chagada, lilime ndi masanzi zimatseka njira ya mpweya ngati zinyalala mungalande ya kumunda wa mpunga. Mutembenuzireni cham'mbali pang'onopang'ono, wina atagwira mutu kuti khosi lisapotoke.

Tsopano pobowoka paja. Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana malita 5, chigubu chimodzi cha mafuta ophikira basi. Malita 2 akatayika, moyo uli pachiswe. Valani jumbo kumanja, pindani chitenje choyera, mukanikize pabala mwamphamvu mphindi 10 osasuzumira. Msodzi sazula nsanza kuti aone ngati madzi asiya kulowa, amawonjezera ina. Inunso chitenje chikanyowa, sanjikani china pamwamba. Chitsulo kapena galasi likabaya m'thupi, musalizule: lakhala chotsekera chake, ndiye kanikizani m'mbali mwake. Dothi, phulusa ndi mafuta a mabuleki zisayandikire bala.

Boti losweka silikokedwa ndi mphuno pamiyala, limanyamulidwa ndi anthu ambiri. Apa ndi pamene chifundo chimapha. Mkati mwa mafupa a msana mumadutsa mtsempha wolamula manja ndi miyendo, ngati ulusi mumikanda. Fupa likathyoka ulusiwo umatha kukhala wosaduka, n'kudzadukira m'manja mwa anthu omukoka miyendo ndi kumupinda kuti akwane mu minibasi. Pezani chitseko kapena thabwa lalikulu, mumunyamule anthu anayi kapena asanu, wogwira mutu ndiye aziwerenga. Chisoti cha njinga chisiyeni, pokhapokha ngati chikumulepheretsa kupuma. Mwendo wothyoka musauwongole. Umangeni pakati pa nsungwi ziwiri momwe uliri.

Wotaya magazi amamva ludzu ndi kuzizidwa, ndipo mwambo wathu sulola kumana munthu madzi. Apa mumaneni ndithu. Akhoza kutsamwa, komanso madokotala amafuna m'mimba mopanda kanthu akamachita opaleshoni. Munyowetseni milomo yokha, mumufunditse, muzimulankhula: "Achimwene, tili pano, galimoto ikubwera."

Pamakhalanso uja amadzuka, n'kusasa fumbi, n'kumadandaula za matemba ake omwazika. Asodzi amadziwa mng'alu wapansi pa thabwa, wosaoneka boti lili padoko, umene umadzaza madzi anthu atafika kale pakati pa nyanja. Magazi otayikira m'mimba kapena m'mutu amatero. Amene wamenyetsa mutu, akusanza, akuwodzera, kapena mimba ikuwawa, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Matembawo anzake atola.