Paki ya Nyanja ya Malawi ku Cape Maclear

Paki ya Lake Malawi National Park ili m'boma la Mangochi, kummwera kwa nyanja ya Malawi. Boma linaikhazikitsa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga timene timakhala m'miyala ya m'mbali mwa nyanjayi.

Wochokera ku Mitundu kapena ku Nathenje amatsata msewu wa M1 kudutsa ku Dedza, n'kutsika phiri pamsewu wokhotakhota wa ku Golomoti mpaka kufupi ndi Monkey Bay. Kuchoka apo, msewu umalowera m'mudzi wa Chembe ku Cape Maclear, momwe muli malo ogona alendo, malesitilanti ndi asodzi okonza maukonde pamchenga.

Mlendo amalipira pachipata, ndipo Mmalawi amalipira ndalama zochepa kuyerekeza ndi wakunja. Ku Otter Point madzi ndi oyera kotero kuti munthu wovala magalasi osambirira amaona mbuna zabuluu ndi zachikasu zikudya ndere pamwala pafupi ndi dzanja lake. Mabwato amapita ku zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo, ndipo oyendetsa bwato akaponya nsomba m'madzi, nkhwazi imatsika n'kuitola ndi zikhadabo. Pamtunda pali manda a amishonale a mishoni ya Livingstonia, imene anthu a ku Scotland anaitsegula pamalopa mu 1875.

Osambira ayenera kupewa madzi odikha a m'mabango, chifukwa ndimo mumakhala nkhono zofalitsa likodzo.