Tayala logwira msewu kapena lokhalitsa: wa njinga yamoto asankhe liti?

Chaka chilichonse mvula ya chizimalupsa ikangogwa, okwera njinga zamoto amakumbutsidwa chinthu chimene anachiiwala chilimwe chonse. Fumbi, mafuta odontha m'magalimoto ndi tinyenyeswa ta mpira zimene zakhala zikuunjikana pa phula zimasakanikirana ndi madzi, msewu n'kuterera ngati therere. Kumudzi nako katondo amene dzulo anali wouma gwa lero wasanduka phala. Ndipo iyi ndi nthawi yomwe mlangizi wa zaulimi sangakhale pansi. Alimi akudzala, feteleza akufunika kumunda, makalabu akudikira. Mlangizi akathyoka mwendo mu November, midzi yonse ya m'dera lake imadutsa nyengo yodzala popanda woiyendera.

Njinga yamoto, wokwerapo ndi katundu wake yense zimakhudza nthaka pa timalo tiwiri tokha, kalikonse kosaposa chikhatho cha munthu. Mabuleki abwino chotani amangoimitsa gudumu. Chimene chimaimitsa njinga ndi mpira umene wagwira pansi. N'zodabwitsa kuti munthu amene amakhala tsiku lonse akusankha mbewu ya chimanga amagula tayala m'mphindi zisanu, atangofunsa funso limodzi lakuti lotsika mtengo ndi liti.

Walira mvula walira matope

Vuto la opanga matayala ndi lakale, ndipo silinathe. Mpira wofewa umalowa m'timaenje ta msewu n'kugwira mwamphamvu, koma poti ndi wofewa umaperepeseka msanga. Mpira wolimba umakhalitsa, koma sugwira bwino, makamaka pamsewu wonyowa kapena m'mawa kukazizira. Wofuna tayala logwira kwambiri avomere kuti abwerera kusitolo posachedwa. Wofuna lokhalitsa kwambiri avomere kuti pa buleki ya mwadzidzidzi njinga ipitirira pang'ono malo amene amafuna kuima. Pang'ono pamenepo nthawi zina m'pamene pali mbuzi, mwana wa sukulu kapena ngolo.

Amene anayesetsa kugwirizanitsa zinthu ziwirizi ndi opanga matayala a njinga zikuluzikulu za paulendo, otchedwa sport touring. Awa ndi matayala a munthu amene amayenda mtunda wautali pa phula, monga kuchoka ku Johannesburg kupita ku Durban, makilomita oposa 500 tsiku limodzi, koma amafunanso kupendeketsa njinga molimba mtima akafika m'makona a kumapiri. Michelin Road 6, Pirelli Angel GT ndi Bridgestone Battlax T32 ndi ena mwa iwo. Nzeru yake njosavuta kumva. Njinga ikamayenda mowongoka, pakati pa tayala ndi pamene pamadya msewu, choncho pamenepo amaikapo mpira wolimba. Ikapendekeka pa kona, m'mbali ndimo mumagwira, ndiye m'mbalimo amaika mpira wofewa. Tayala limodzi, mipira iwiri. Amasakanizamonso silica, ufa wa mtundu wa mchenga, umene umathandiza mpira kugwira pa msewu wonyowa popanda kutha msanga.

Matayala amenewa ndi abwino pa ntchito yawo, koma ambiri a ife sadzatikwana n'komwe. Amapangidwira malimu otakata a mainchesi 17, pa masaizi monga 120/70 kutsogolo ndi 180/55 kumbuyo, ndipo mizere yake njochepa chifukwa sanapangidwire matope. Pa katondo wonyowa wa ku Mchinji kapena ku Angónia, tayala lodula lotereli lingagonje kwa tayala wamba la mano la pa Yamaha AG200. Chimene tingatengepo ndi kaganizidwe kake: asanapange tayala, anayamba afunsa kuti munthuyu amayenda pati, ndipo mbali iti ya tayala imagwira ntchito iti. Funso lomwelo ndi limene wogula ayenera kudzifunsa.

Werengani msewu wanu

Tengani ulendo wa sabata imodzi, muwerenge moona mtima makilomita a pa phula ndi a pa fumbi. Ambiri amadabwa ndi yankho. Wa kabaza wa m'tauni ya Chipata kapena Lilongwe, amene amangopatukira m'fumbi pokatula munthu pakhomo, amafuna tayala la mizere, limene mpira wake wambiri umakhudza phula. Mizereyo ndi ngalande zotulutsira madzi. Akaika tayala la mano akuluakulu chifukwa likuoneka laukali, amataya kawiri: manowo amatha msanga pa phula lotentha, ndipo pa buleki mpira wokhudza pansi umakhala wochepa.

Mlangizi amene amadutsa madambo, mchenga ndi makande a ku chigwa cha Shire ali ndi vuto lina. Kwa iye mano otalikirana ndiwo moyo, chifukwa amakumba pansi n'kutaya matope gudumu likamazungulira. Tayala la mizere yothinana limadzaza matope n'kusalala ngati botolo. Amene amayenda monsemonse asankhe la pakati, la mano afupiafupi otakata. Ogulitsa ena amawatchula ndi manambala monga 80/20 kapena 50/50, kutanthauza gawo la phula ndi gawo la fumbi. Manambalawa ndi kuyerekeza kwa wopanga, si muyeso wa boma, koma amathandiza poyambira.

Ine ndimati wokayika apendekere ku mbali ya kugwira, makamaka pa gudumu la kutsogolo. Tayala la kumbuyo likaterereka, wokwera wozolowera nthawi zambiri amaiwongola njinga. La kutsogolo likaterereka, munthu amapezeka ali pansi asanadziwe chachitika. Pa buleki yamphamvu kulemera kumathamangira kutsogolo, ndipo aliyense amene anatsikapo mtsetse wa Golomoti kapena wa ku Chikwawa ali ndi thumba kumbuyo amadziwa momwe tayala la kutsogolo limasenzera ulendo wonsewo. Mwamwayi la kutsogolo silitha msanga ngati la kumbuyo, choncho kugula labwino sikupweteka thumba kawirikawiri.

Zolembedwa m'mbali mwa tayala

Tayala lililonse limanena mbiri yake kwa wodziwa kuwerenga. Tiyerekeze kuti palembedwa 3.00-18 47P. Nambala yoyamba ndi kutakata kwa tayala m'mainchesi, yachiwiri ndi kukula kwa limu. Pa matayala olembedwa monga 100/90-17, nambala 100 ndi kutakata m'mamilimita, 90 ikunena kuti msinkhu wa m'mbali ndi magawo 90 pa 100 a kutakatako, ndipo 17 ndi limu. Saizi yoyenera njimene wopanga njinga analemba m'buku lake. Kuika tayala lotakata kuposa limu lake, monga amachitira anyamata ena pofuna kukongoletsa njinga, kumalifinya n'kusintha maonekedwe ake, kotero mpira wokhudza pansi suwonjezeka monga amaganizira.

Nambala imene mlimi ayenera kuiyang'anitsitsa ndi 47 ija. Imeneyo ikunena katundu amene tayala lingasenze litapopedwa mokwanira: 47 ndi makilogalamu 175, pamene 52 ndi makilogalamu 200. Chilembo P chikutanthauza liwiro losapitirira makilomita 150 pa ola, ndipo chimenechi sichitidetsa nkhawa. Koma tawerengerani kulemera. Njinga yaing'ono imalemera makilogalamu oposa 100. Onjezanipo wokwera, ndi matumba awiri a feteleza a makilogalamu 50 lililonse omangidwa pa kaliyala. Matumbawo akhala pamwamba penipeni pa gudumu la kumbuyo, pamodzi ndi gawo lalikulu la kulemera kwa wokwera ndi kwa njinga. Malire a 175 apitirira kale musanatuluke pa depoti. Tayala lolemedwa limatentha, nsalu zake zam'kati zimatopa, ndipo tsiku lina limaphulika popanda msomali uliwonse. Wonyamula katundu kawirikawiri afunefune tayala la nambala yokwera, kapena lolembedwa 6PR m'malo mwa 4PR, chizindikiro chakuti thupi lake n'lolimbirapo. Ngakhale zili choncho, njinga nayo ili ndi malire ake a katundu amene tayala labwino silingawasunthe.

Pali zina zing'onozing'ono. Muvi wojambulidwa m'mbali ukusonyeza kumene tayala liyenera kuzungulira, ndipo okonza matayala a m'mphepete mwa msewu amauphonya nthawi zina, choncho yang'anani musananyamuke. Malimu ambiri a masipoko amafuna chubu ngakhale tayala litalembedwa kuti tubeless. Ndipo poika tayala latsopano ikaninso chubu chatsopano; chakale chimakhala chitatanuka, ndipo chimapindika m'kati n'kubooka.

Kaunjika ndi zaka za mpira

Mpira umakalamba ngakhale usanayende. Dzuwa ndi kutentha zimauumitsa, ndipo tayala limene lakhala zaka pa khonde la sitolo ku Tete kapena ku Nsanje lingaoneke latsopano pamene kugwira kwake kunachepa kale. Tsiku lopangidwira limapezeka pa manambala anayi a kumapeto kwa mzere woyamba ndi malembo akuti DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. 2322 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2022. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likakwana zaka zisanu liziunikidwa chaka ndi chaka, ndipo likafika zaka khumi lichotsedwe ngakhale mizere ikadalipo. M'madera otentha ndi bwino kusadikira mpaka pamenepo. Timing'alu m'mbali kapena m'kati mwa mizere ndi umboni wokwanira.

Za matayala a kaunjika ndilibe mawu ofewa. Simudziwa ngati linagunda mwala, linayenda lopanda mpweya, kapena linazokotedwa ndi mpeni kuti mizere ioneke yakuya. Kuzokota kumadya mpira wochepa umene watsala pamwamba pa nsalu. Galimoto ikaphulitsa tayala imatsala ndi atatu. Njinga imatsala ndi limodzi.

Mtengo weniweni wa tayala umaoneka pougawa ndi makilomita. Mwachitsanzo chabe, tayala la 30,000 limene latha pa makilomita 5,000 ladya 6 pa kilomita, pamene la 45,000 lofika makilomita 9,000 ladya 5, m'ndalama za dziko lililonse limene muli. Kuti mudziwe zoona za matayala a kwanuko, lembani nambala ya pa mita tsiku loika ndi tsiku lochotsa. Mabungwe amene ali ndi njinga zambiri akhoza kuphunzira zambiri m'chaka chimodzi ndi kabuku kotere. N'zachisoni kuti m'maofesi ambiri wogula matayala ndi munthu amene sakwera njinga, ndipo amasankha mtengo wotsika pa makoteshoni atatu. Wokwera ayenera kufunsidwa, chifukwa ndiye amaudziwa msewu, ndiponso ndiye amagwa.

Mpweya

Tayala labwino lopanda mpweya wokwanira limaipa kuposa tayala wamba losamalidwa. Mpweya ukachepa, tayala limapindikapindika, limatentha, limatha m'mbali, limadya petulo, ndipo pa dzenje limu imatsina chubu. Ukachuluka, malo okhudza pansi amachepa, pakati pokha n'kumatha. Kufinya ndi chala kapena kumenya ndi phazi sikuyeza kanthu. Kageji ka m'thumba n'kotsika mtengo kuposa chubu ziwiri.

Yezani m'mawa njinga isanayende, chifukwa tayala lotentha limaonetsa nambala yokwera. Muyeso woyenera umalembedwa m'buku la njinga kapena pa kapepala komatidwa pafupi ndi tcheni. Pa njinga zing'onozing'ono zambiri umakhala pafupi ndi 25 psi kutsogolo ndi 28 kumbuyo, n'kukwera kufika cha m'ma 32 mukanyamula munthu kapena katundu. Njinga zazikulu za paulendo zija zambiri zimafuna 36 ndi 42. Pa mchenga wambiri kuchepetsako mpweya pang'ono kumathandiza, koma wochita zimenezi akhale ndi pampu yobwezera akafika pa phula.

Bungwe la Riders for Health, limene linayambitsidwa ndi Barry Coleman, Andrea Coleman ndi katswiri wa mipikisano ya njinga zamoto Randy Mamola, lagwira ntchito ndi ogwira ntchito zaumoyo ku Lesotho, Zimbabwe, Zambia ndi Malawi. Phunziro lake lalikulu silinali la zipangizo zodula ayi, koma lakuti wokwera aziiona njinga yake tsiku lililonse asananyamuke, mabuleki ndi matayala omwe, kuti chinthu chisinthidwe chisanawonongekere pa njira.

Nanga tayala latha liti? M'kati mwa mizere muli timapiri ting'onoting'ono, ndipo malo ake amasonyezedwa m'mbali ndi malembo akuti TWI kapena kachizindikiro ka makona atatu. Mpira ukaperepeseka mpaka kulingana ndi timapirito, tayala latha. Ku South Africa lamulo limafuna kuti mizere ikhale yakuya milimita imodzi kapena kuposa, koma milimita imodzi pa matope a January si kanthu. Amene tayala lake latsala pang'ono mu October asinthe mvula isanayambe, osati itatha. Ndipo tayala latsopano nalo limaterera poyamba, chifukwa khungu lake limakhala losalala. Makilomita 150 oyambirira yendani modekha, mukupendeketsa njinga pang'onopang'ono ndi kugwira buleki mofatsa, mpaka kunyezimira kwake kutachoka kuyambira pakati mpaka m'mbali.