Shemu Joyah: woyeza malo amene anayamba kukonza mafilimu

Mwini filimu ndani?

M'zipinda zoonetseramo vidiyo pa Manjawira, monganso m'misika ina ya m'mbali mwa msewu wa M1, mafilimu a Chimwenye amakondedwa ndithu. Oonera amadziwa nkhope ya mnyamata wovina ndi kugonjetsa adani uja, koma dzina la amene anakonza zonsezo limangodutsa anthu akutuluka kale. Chonsecho filimu imaima pa anthu awiri: dayirekita, amene amalamula kamera ndi ochita sewero, ndi pulojusa, amene amasaka ndalama. Munthu mmodzi akasenza zonse ziwiri, filimu ikagwa amagwa nayo.

Phunziro la ku Bombay

Mmodzi mwa anthu otere anali Raj Kapoor wa ku India, amene anatsegula kampani yake ya RK Films mu 1948, ndipo Awaara ya mu 1951 inamutchukitsa mpaka ku Soviet Union. Koma Mera Naam Joker, imene anaithira chuma chambiri, itatuluka mu 1970 anthu sanaikonde, ndipo bamboyu anatsala pang'ono kumira m'ngongole. Inadzamuwombola ndi Bobby mu 1973.

Wathu wa kuno

Kuno kwathu amene wayenda njira yoteroyo ndi a Charles Shemu Joyah. Ntchito imene anaphunzira ndi yoyeza malo, ndipo mafilimu awo amalemba okha, kutsogolera okha, n'kuwatulutsa pansi pa kampani yawo ya FirstDawn Arts.

Yoyamba inali Seasons of a Life. Ndi nkhani ya mtsikana wantchito amene abwana ake anamupatsa mimba, banja la abwanawo, lomwe linalibe mphatso, n'kutenga mwanayo ngati lamutola. Mtsikanayo anabwerera kusukulu, kenaka n'kudzamenyera mwana wake kukhoti. Ndani sanamvepo zotere pamudzi? Mphamvu ya a Joyah ili pomwepo: satenga nkhani kutali. Flora Suya ndi Tapiwa Gwaza anaonetsa luso m'filimuyi, ndipo Gwaza analandira mphotho ya Africa Movie Academy Awards mu 2010.

The Last Fishing Boat ya mu 2012 inatitengera kunyanja, kwa msodzi amene nsomba zikumuthera pamene alendo odzaona malo akusokoneza banja lake. Anasewera msodziyo ndi malemu Hope Chisanu. Kwa ine iyi ndiye yakupsa kuposa zinzake, ngakhale pena imayenda mwachidodo.

Mphotho zilipo, nanga msika?

The Road to Sunrise ya mu 2017, yokamba za amayi oyendayenda mumzinda wa Blantyre, inapambana pa Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2018 ngati filimu yoposa zonse ya kum'mwera kwa Africa. Ndiyonso yoyamba imene Malawi inatumiza ku mpikisano wa Oscar, ngakhale sinalowe m'gulu la zosankhidwa.

Apa m'pamene a Joyah amasiyana ndi Kapoor. Kwawo kwa Kapoor kunali nyumba zakanema zambirimbiri, kotero filimu imodzi ikayenda inkabweza ngongole ya inzake. Kuno nyumba zoterozo n'zowerengeka, ndipo filimu ikafika pa Manjawira imakhala itakopedwa kale pa memori khadi kwa mnyamata wobena nyimbo. Ndalama ya woonera imathera pamsika pomwepo, osafika kwa amene analipira kamera.