Alonda a guluu, kuchokera ku Chikangawa mpaka pa Ulongwe

Pa Ulongwe, m'mbali mwa msewu wochokera ku Liwonde kupita ku Mangochi, akalipentala amayala katundu wawo poyera: mabedi, makabati, zitseko ndi mabokosi a maliro. Wogula amasisita vanishi n'kuyamba kunenerera mtengo. Koma mphamvu ya kabati ili pobisika, pa kamzere ka guluu kamene kali pakati pa thabwa ndi linzake. Matabwa akangopsompsonana, palibe diso lingaonenso mmene guluu wagwirira. Paja chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. N'chifukwa chake pali anthu amene ntchito yawo ndi kulondera guluu asanaume.

Ena mwa iwo ali ku Chikangawa, m'nkhalango ya paini ya Viphya, imene boma lidayamba kuikuza kwambiri mu 1964. Kumeneko kuli fakitale ya Raiply, yomwe idalowa m'malo mwa kampani ya boma ya Viply mu 1999, ndipo imapanga pulayiwudi ndi bulokubodi. Makina amazunguza chipika n'kumachisenda kukhala timapepala topyapyala. Timapepalato amatiumitsa, kutipaka guluu, kutisanjikiza mopingasa, 3, 5 kapena 7, kenako n'kutipanikiza m'makina otentha kuposa madigiri 100.

M'fakitale yotere aliyense ali ndi pake polondera. Woumitsa amayeza chinyezi, pakuti kapepala konyowa kakalowa m'makina otentha, madzi amasanduka nthunzi n'kutukusira thabwa m'kati. Wosakaniza amayeza kulemera ndi kukhuthala kwa guluu, komanso amadziwa kuti guluu wa matabwa a m'nyumba ndi wosiyana ndi wa matabwa opirira mvula, yemwe amakhala woderapo. Wopaka amaonetsetsa kuti pasatsale danga louma. Woyendetsa makina opanikizira maso ake amakhala pa kutentha, mphamvu ndi mphindi. Pomaliza pali woyesa. Iyeyu amadula tizidutswa, kutiviika kapena kutiwiritsa m'madzi, n'kutikanula ndi mpeni. Pakang'ambika mtengo, guluu wapambana. Timapepala tikangolekana bwinobwino, mtolo wonsewo ndi wokayikitsa.

Kalipentala wa pa Ulongwe amagwira ntchito zonsezi yekha, wopanda choyezera china koposa zala, makutu ndi zaka zimene wakhala pa benchi. Mdani wake wamkulu ndi nyengo. M'mwezi wa Okutobala, kutentha kwa m'chigwa cha Shire kumachititsa guluu woyera wa akalipentala kuyanga kakhungu msanga, moti ukachedwa kumanga kilampu, wamata pachabe. Dzinja likafika, matabwa amamwa chinyezi n'kufufuma, ndipo akadzaumanso mfundo zimayasama. Mmisiri wodziwa amapala mbali zonse ziwiri mpaka zikumane popanda mpata, amapukuta utuchi, ndipo akamanga amafuna kuona timadontho ta guluu tikutuluka mzere wonse. Pamene sipanatuluke kanthu m'pamene pali njala ya guluu. Akamamata fomaika amayamba wakhudza guluu ndi chala kuti amve ngati wasiya kukakamira, ndipo akatha amagogoda pamwamba ponse. Pogwira bwino pamalira nga! nga! pomwe pobisa mphepo pamalira phu! phu!

Luso limeneli ambiri amalitola pothandizira mmisiri wamkulu, ena m'makoleji a ntchito zamanja oyang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999. Koma kudziwa n'kwina, kukwanitsa n'kwina. Makilampu ndi odula, kotero ena amamanga ndi malegeni kapena kutsamiritsa miyala. Guluu akakwera mtengo, chiyeso chothirako madzi chimakula. Bokosi la maliro nalo silidikira, anamfedwa amalifuna lero lomwe.

Vutoli si la amisiri a m'midzi okha. Ndege ya Boeing 787, yomwe idayamba kunyamula anthu mu 2011, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi zipangizo zoumbidwa ndi ulusi wa kaboni ndi utomoni. Oyesa mbali zotere amalowetsamo mafunde a mawu osamveka ndi khutu pofufuza mipata yobisika, ndipo nawonso amagogoda. Komabe pali chilema chimodzi chimene chimazemba ngakhale makina oyeserawo: mbali ziwiri zokhudzana ndithu koma zosagwirana. Ndiye mainjiniya amalemba ukhondo, chinyezi ndi kutentha pa sitepe iliyonse, podziwa kuti kumata kumatsimikizika pochita, osati pomaliza.

Apa wogula naye ali ndi gawo lake. Tikamatsitsa mtengo mopitirira kapena kuumiriza kuti tebulo lituluke madzulo omwewo, mmisiri sangachepetse miyendo kapena vanishi, poti zimenezo tiziona. Amachepetsa guluu ndi maola a kilampu. Funso loyenera kumufunsa ndi lakuti, "Bambo, mwamata liti, ndipo mumasula liti?" Mmisiri wokuuzani kuti mubwere mawa ndiye wosunga ndalama zanu.