Chibadwa, phuma ndi kudzipha: zoti azaumoyo a ku Masambanjati adziwe

Nyengo yothyola tiyi ikatha m'minda ya ku Thyolo, antchito ambiri aganyu amabwerera kunyumba opanda malipiro pamene ngongole ya katapila ikuchulukabe. Ku Masambanjati nthochi zomwe zinkathandiza mabanja zinawonongeka ndi matenda a chisaka, kenako mu March 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. Mavuto amenewa anagwera pafupifupi khomo lililonse, koma amene amafika poyesa kudzipha ndi ochepa. Chimasiyanitsa anthuwa n'chiyani?

Mbali ina ya yankho ili m'chibadwa. Kafukufuku wa amapasa m'maiko angapo amasonyeza kuti pafupifupi 40 peresenti ya kusiyana kwa makhalidwe, monga mantha, kupsa mtima msanga ndi phuma, imachokera kumtundu. Pa kudzipha, chiwerengerochi chili pakati pa 30 ndi 50 peresenti. Izi sizikutanthauza kuti munthu amabadwa ndi "magazi odzipha". Chimene amatengera ndi mmene ubongo wake umalandirira zowawa.

Mu 1976, Marie Åsberg wa ku Karolinska ku Sweden anapeza kuti odwala matenda ovutika maganizo amene anali ndi 5-HIAA wochepa m'madzi a mumsana ankayesa kudzipha kwambiri kuposa anzawo. 5-HIAA ndi chotsalira cha serotonin, yemwe amathandiza mbali yakutsogolo ya ubongo kugwira mabuleki munthu akakwiya kapena akataya mtima. Mbali imeneyi imamaliza kukhwima munthu akafika zaka za m'ma 25, ndipo mowa umaifooketsa. Choncho mnyamata waphuma amene wamwa kachasu atangokangana ndi mkazi wake ali pangozi yaikulu usiku womwewo, ngakhale dzulo lake ankaseka ndi anzake.

Kakulidwe nakonso kamasiya chipsera. Mu 2009, ofufuza a ku McGill ku Canada anaona kuti m'ubongo wa anthu odzipha amene anachitidwa nkhanza ali ana, dongosolo loletsa mahomoni a nkhawa linali lofooka.

Palibe kuyeza magazi komwe kungaonetse zonsezi, ngakhale ku Queens. Phindu la kafukufukuyu kwa ma HSA ndi mavolontiya lili pa nkhani ya nthawi. Ku Austria, pafupifupi theka la odwala amene anafunsidwa atapulumuka ananena kuti sipanadutse mphindi 10 kuchokera pamene ganizo linabwera. Munthu wotere sapita kutali, amagwira chimene chili pafupi, ndipo m'dera la alimi chili pafupi ndi mankhwala ophera tizilombo ndi makoswe. Bungwe la WHO limati mwa anthu asanu alionse odzipha padziko lonse, mmodzi amafa ndi mankhwala a m'munda. Dziko la Sri Lanka litaletsa mankhwala oopsa kwambiri, imfa zodzipha zinatsika ndi 70 peresenti pakati pa 1995 ndi 2015.

Wazaumoyo akafika pakhomo pomwe pali munthu wotaya mtima, afunse mosazungulira, koma pambali: "Bambo, kodi munayamba mwaganizapo zodzipha?" Funsoli silidzala ganizo mwa munthu, ambiri amapepukidwa nalo. Afunsenso ngati munthuyo anayesapo kale, chifukwa chimenechi ndicho chizindikiro chachikulu kuposa zonse, ngati wachibale wina anadzipha, ndiponso za mowa. Funso la wachibale limafuna ulemu, popeza m'midzi yambiri imfa yotere imatchedwa tsoka la pamtundu ndipo mabanja amaibisa. Amuna asadumphidwe poti sakudandaula: malipoti apolisi m'Malawi amasonyeza kuti odzipha ambiri ndi amuna.

Yankho likakhala "inde", munthuyo asasiyidwe yekha. Wachibale wodalirika achotse mankhwala a m'munda m'nyumbamo n'kukawatsekera kwina, ndipo wodwalayo aperekezedwe tsiku lomwelo kuchipatala chaching'ono chapafupi, ku Malamulo kapena kuchipatala cha boma ku Thyolo. Akatuluka m'chipatala, masabata oyambirira ndiwo oopsa kwambiri, choncho tsiku lodzamuonanso lilembedwe m'kaundula asanachoke.