Kakaseti Komwe Kali ndi Mawu a Bambo Anga

Anzanga, ndani mwa inu adaonapo kaseti yaing'ono ngati kabokosi ka machesi? Ine ndidaipeza tchuthi chathachi m'sutikesi ya amayi. Pamwamba pake padalembedwa kuti MiniDV. Amayi adati m'menemo muli vidiyo ya ukwati wawo, yomwe amalume adajambula ndi kamera yobwereka m'tauni. Bambo adamwalira ndili ndi zaka ziwiri, ndiye mawu awo sindiwadziwa.

Nditafunsa aphunzitsi athu a sayansi, adandifotokozera bwino. Makaseti a MiniDV adayamba kupezeka mu 1995, makampani monga Sony ndi Panasonic atagwirizana za kapangidwe kake. M'litali ndi mamilimita 66, m'lifupi 48. M'kati muli tepi yopyapyala ya maginito yomwe m'lifupi mwake ndi mamilimita 6.35 basi. Koma musaiyese ngati makaseti a nyimbo akale aja ayi. Kamera imasandutsa zithunzi ndi mawu kukhala manambala, 0 ndi 1, monga imachitira kompyuta, kenako n'kuwalemba pa tepi. Kaseti imodzi imajambula mphindi 60, kapena 90 tepi ikamayenda pang'onopang'ono. Ola limodzilo ukalikopera pa kompyuta limadya malo pafupifupi 13GB. Memori khadi ya 8GB ya achimwene anga ingachepe!

Sony idatulutsanso Digital8 mu 1999 ndi MicroMV mu 2001, yaing'ono kuposa MiniDV koma siidapite patali. Mtundu uliwonse uli ndi kamera yakeyake.

Vuto lagona pamenepo. Kaseti ndili nayo, poonera palibe. Pafunika kamera ya MiniDV yamoyo, chingwe chotchedwa FireWire, ndi kompyuta yokhala ndi polowetsa chingwecho, chifukwa makompyuta ambiri atsopano alibe. Kukoperako sikuthamanga: vidiyo ya ola limodzi umaidikira ola lathunthu. Ndidapita nayo kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni pamsika paja. Adangoitembenuzatembenuza n'kuseka, ati zinthu za agogo.

Tepi nayonso simadikira. Chinyezi chimaichititsa nkhungu, kutentha kumaiwononga, ndipo maginito amphamvu, monga a m'sipika, angafufute zonse. Pano ndaiika m'kachitini kotseka bwino, kutali ndi wailesi komanso pomwe denga limadontha.

Ngati kwanu kapena kutchalitchi kwanu kuli kamera yotere, chonde mundipeze ku Fomu 2 nthawi yopuma. Ndingoifuna kwa ola limodzi lokha.